Unatani uli ndi mimba?

Funso limeneli silibwera tsiku loyamba ayi. Tsiku loyamba anthu amangoti zii, amayang'ana mwana, amayang'ana iwe, nkunena kuti tithokoze poti nonse muli moyo, kenako amatuluka kukalankhulira panja. Limabwera patapita masiku ndipo limachita kuzungulira. Kodi sunagwepo? Mapiritsi unkamwa aja anali a chani? Kodi kwanu aliko wina wotere, poti kwathu kuno sitinaonepo? Mwana wanga wachiwiri anabadwa mapazi onse awiri atapindikira mkati, zidendene zitakwera mmwamba, kuphazi kukuyang'anizana, ndiye mafunso amenewa ndinawamva onse, ena ochokera kwa anthu oti amandikonda ndithu ndipo sankadziwa nkomwe kuti akundibaya. Bambo ake palibe anawafunsa kanthu. Olo mmodzi.

Chimene chimandinyansa ndi funsoli sikuti limangopweteka, komanso limadya nthawi. Banja lonse limakhala bize kufufuza zomwe zinachitika mmimba miyezi yambiri yapitayo, zinthu zoti palibenso angazibweze, pomwe masabata oyamba mwana atabadwa, amene pa mavuto ambiri ndi omwe amatha kusintha moyo wake wonse, akungodutsa anthu ali pa mkangano.

Bungwe la WHO limati pafupifupi ana 6 pa 100 alionse padziko lapansi amabadwa ndi vuto lina lake lomwe linayambira mmimba, ndipo makanda pafupifupi 240,000 amamwalira nazo chaka chilichonse asanakwanitse masiku 28, enanso 170,000 amamwalira pakati pa mwezi umodzi ndi zaka zisanu. Koma nambala imene ine inandigwira mtima ndi ina, yoti pafupifupi theka la mavuto amenewa madokotala sapeza chimene chinachititsa. Theka lathunthu. Anthu oti ali ndi ma labu, amayeza magazi, amaunika mpaka mkati mwa ma selo, amafika pokweza manja nkuti sitikudziwa, ndiye azakhali a kuchimuna angoyang'ana mapazi kamodzi basi ayankha kale kuti vuto lachokera kuchikazi, eti.

Ndiye taonani mmene masiku amayendera. Mimba ikangokhala, pofika tsiku la 22 kapena chapompo kamtima kamakhala kayamba kale kugunda. Pofika tsiku la 28 kachubu komwe kadzasanduke ubongo ndi mtsempha waukulu wa mumsana kamayenera kukhala katatsekeka, ndipo kamatsekeka ngati zipi, kuyambira chapakati kulowera kumutu ndi kumunsi. Pakatsala mpata kumunsi mwana amabadwa ndi spina bifida, chija chotupa chapamsana chomwe nthawi zambiri chimafooketsa miyendo ndi chikhodzodzo, pakatsala mpata kumutu ubongo sukula nkomwe ndipo mwana wotere sakhalitsa, maola kapena masiku ochepa basi. Mlomo wammwamba umalumikizana pakati pa sabata ya 4 ndi ya 7, kumwamba kwa mkamwa kumatsatira pambuyo pake pang'ono. Zonsezi zikuchitika kamwanako kali ka masentimita ochepa chabe. Nanga pa tsiku la 28 limenelo mzimayi amakhala akudziwa chani? Wangodumphitsa kusamba ndi masabata awiri, akuganiza kuti mwina ndi kutopa, mwina ndi maganizo, ena sanawerengere nkomwe. Pomadzayamba sikelo mimba itaoneka, zikuluzikulu zonse zinapangika kalekale, kwatsala nkukula basi.

Nchifukwa chake nkhani ya folic acid imandiwawa mmene timaikambira. Ambirife tinaidziwa ngati timapiritsi topatsidwa ku sikelo pamodzi ndi a ayironi, nkumamwa mimba ili miyezi inayi kapena isanu. Pa nkhani ya magazi zimathandiza ndithu, musasiye, koma pa nkhani ya kachubu kaja amakhala afika mochedwa. Mu 1991 kafukufuku wamkulu wa Medical Research Council ya ku Britain, yemwe anachitika mmaiko angapo pa amayi omwe anali atakhalapo kale ndi mimba ya vuto limeneli, anapeza kuti folic acid anachepetsa kubwereza kwa vutoli ndi 72 peresenti. Kuyambira pamenepo langizo ndi loti mzimayi azimwa ma microgram 400 tsiku lililonse asanatenge mimba, mpaka miyezi itatu yoyamba itatha, ndipo amene anaberekapo mwana wa vutoli amapatsidwa mlingo wokwera kuwirikiza ka 10 kapena kuposa. Koma nanga ndi mimba zingati zomwe anthu amachita kukonzekera? Zambiri zimangobwera. Dziko la America litaona zimenezi linalamula kuti kuyambira mu 1998 folic acid azithiridwiratu mu ufa kufakitale, maiko ena ambiri anatsatira, ndipo ana obadwa ndi msana wotseguka anachepa. Ine ndimaona kuti iyi ndiye nzeru, chifukwa siidikira kuti mtsikana akumbukire piritsi la mimba yomwe sakuidziwa.

Sindikunena kuti zoyambitsa sizidziwika zonse ayi. Zina zimadziwika bwinobwino, koma ukazitsata umapeza kuti olo pamenepo chala chimaloza kwina. Mu 1957 kampani ya Chemie Grünenthal ya ku West Germany inayamba kugulitsa mankhwala otchedwa thalidomide, ogonetsa tulo, ndipo ankawatama kuti ngosaopsa moti kwawoko unkangogula popanda kalata ya dokotala. Amayi oyembekezera ankamwa kuti achepetse nseru ya miyezi yoyamba. Posakhalitsa kunayamba kubadwa ana opanda mikono, timanja tikuchokera paphewa penipeni, ena miyendo yaifupi, ena opanda makutu, ana oposa 10,000 mmaiko oposa 40, ndipo ambiri anamwalira ali makanda. Mu 1961 Widukind Lenz ku Hamburg ndi William McBride ku Australia ndi omwe analoza mankhwalawo, nkuwachotsa pamsika. Ku America anali asanaloledwe nkomwe chifukwa mayi mmodzi wa ku FDA, bungwe la boma lovomereza mankhwala, Frances Kelsey, anakakamira kuti umboni woti ngosaopsa sunakwane, kampani inamupanikiza kangapo iye osasuntha. Chodabwitsa nchoti mankhwalawa ankaononga pa kanthawi kochepa kwambiri, kuyambira tsiku la 20 mpaka la 36 mimba itakhala, ndipo piritsi limodzi linali lokwanira. Ndimawaganizira amayi amenewo, zaka zonsezo asanadziwe, mafunso omwe ankafunsidwa kunyumba kwawo. Kampani ya Grünenthal ija inadzapepesa mu 2012, ana aja ali ndi zaka za mma 50.

Rubella nayenso chimodzimodzi. Ndi kamatenda koti munthu wamkulu amangotentha thupi pang'ono, totupa tofiira masiku atatu, ena osadziwa nkomwe kuti anadwala. Mu 1941 dokotala wa maso wa ku Sydney, Norman Gregg, anadabwa kuti bwanji makanda obadwa ndi ng'ala achuluka chonchi, atafufuza anapeza kuti amayi awo anadwala rubella mimba ili yaing'ono. Matendawa akamugwira mayi mmasabata oyambirira, mwana amatha kubadwa wosamva, wa ng'ala komanso wa vuto la mtima zonse pakamodzi. Mliri wa 1964 mpaka 1965 ku America unasiya ana otere pafupifupi 20,000. Katemera anabwera mu 1969, ndipo sabayidwa munthu ali woyembekezera, amayenera kulandiridwa kale ali mwana kapena asanatenge mimba, ndiye amene amateteza khanda la mawa ndi kholo lomwe likukabayitsa ana ake lero, anyamata omwe, poti iwonso amafalitsa. Matenda a Zika a ku Brazil mu 2015 aja, ana obadwa ndi timitu tating'ono, anafalitsidwa ndi udzudzu.

Zilipo zomwe zili mmanja mwa munthu, sindibisa. Mowa uli ndi mimba umaononga ubongo wa mwana ndipo palibe mlingo womwe unapezeka kuti ngwabwino, fodya amakweza mpata wa mlomo wong'ambika ndi mapazi opindika omwe. Shuga yosayang'aniridwa bwino mimba isanakhale imakhudza mtima ndi msana wa mwana. Mankhwala a khunyu otchedwa valproate amabweretsa chilema pa mwana mmodzi mwa 10 alionse, komabe amene akumwa asangodzuka nkusiya yekha, kugwa khunyu uli woyembekezera nkoopsanso, apite akasinthidwe mankhwala ndi adokotala mimba isanakhale. Ndipo pali chindoko, chomwe chimapha ana mmimba ndi kulumaza obadwa amoyo pomwe kuyeza kwake nkwa mphindi zochepa ndipo mankhwala ake ndi jakisoni wa penicillin, koma kodi chindokocho mayiyo amachitenga kwa ndani? Mayi akabayidwa bambo nkukana kupita kukabayitsa, chimabwereranso. Nthenda ya magazi ya sickle cell, yomwe ana oposa 300,000 amabadwa nayo chaka chilichonse, siingatheke popanda bambo, mwana amatenga mbali imodzi kwa mayi ina kwa bambo, ndipo makolo onse akakhala onyamula, mimba iliyonse ili ndi mpata umodzi pa 4. Makolowo amakhala athanzi bwinobwino osadziwa kanthu. Ndiye zoti kwathu kulibe zimenezi, mwadziwa bwanji poti simunayezetse?

Tsopano za mapazi. Vuto la mwana wangali limagwira mwana mmodzi pa 1,000 alionse, anyamata kwambiri kuposa atsikana, ndipo pafupifupi theka la anawa amakhala mapazi onse awiri. Ali mgulu lija loti kawirikawiri chifukwa chake sichidziwika. Namwino wina wachikulire, ataona kuti ndangofundika mwana osafuna kuti anthu amuone, anabwera nkukhala pamphepete pa bedi, anavundukula kansalu, nagwira kaphazi kamodzi nkukatembenuza pang'onopang'ono ndi chala chake chachikulu, nati, "Mayi, awa si mapazi owalirira, awa timawongola. Koma musakamusunge kunyumba kuti akule kaye, mafupawa panopa ngofewa." Mawu amenewo ndi omwe anandidzutsa.

Njira yake inayambitsidwa ndi Ignacio Ponseti, dokotala wobadwira ku Spain yemwe ankagwira ntchito ku yunivesite ya Iowa. Iye anaona kuti ana omwe ankachitidwa opaleshoni yaikulu ya mapazi ankakula ndi mapazi ouma, opweteka, ndiye cha mma 1950 anayamba kuwongola ndi manja nkumanga chikhakha. Madokotala anzake anamunyalanyaza kwa zaka zambirimbiri, mpeni unkaoneka wapamwamba kuposa pulasitala, mpaka chakumapeto kwa zaka za mma 1990 pomwe makolo anayamba kuuzana okha pa intaneti nkumapita kukamufuna mkuluyo ali wokalamba kale. Lero ndi njira yomwe dziko lonse limatsata ndipo ikayambidwa msanga imawongola mapazi oposa 90 pa 100 alionse.

Mmene zimakhalira ndi izi. Sabata iliyonse amachotsa chikhakha chakale, amaligwira phazi nkulikankhira kunja pang'ono, osati mokakamiza, kenako amakulunga thonje ndi pulasitala kuyambira kuzala mpaka kuntchafu bondo litapindidwa, zala zokha nkumaonekera. Ambiri amamangidwa ka 5 mpaka ka 8. Mwanayo amalira pomangapo, osati chifukwa cha ululu kwenikweni koma kugwiridwa, ndiye umamuyamwitsa pomwepo ali pa tebulo iwe utawerama msana ukuwawa. Pulasitalayo amatentha pang'ono akamauma, kenako amazizira nkulemera, ukamunyamula mwana timiyendo timagundana nkumalira kho kho. Kusamba nkomupukuta ndi kansalu basi, thewera umachita kulipinda kuti mkodzo usalowe mchikhakha, ukalowa fungo lake sulifuna. Ndipo umakhalira kuyang'ana zala, ukatsina kachala kayere kenako kabwerere msanga, kakhale kofunda, zala zikachita buluu, zikatupa kapena zikalowa mkati osaonekanso ndiye kuti chikhakha chathina kapena chatsetsereka, pamenepo sudikira tsiku la kiliniki. Chakumapeto ana ambiri amadulidwa kamtsempha ka kuchidendene kuti phazi lithe kukwera mmwamba. Kumva mawu oti kudula ine mmimba munatentha, koma ndi kabala kakang'ono zedi, amabaya mankhwala ochititsa dzanzi, mphindi zochepa zatha, amamanga chikhakha chomaliza cha masabata atatu ndipo mtsemphawo umalumikizana wokha utatalika.

Tsiku lochotsa chomalizacho umaona mapazi owongoka, khungu lili makwinyamakwinya likusupuka, aliyense kunyumba akusangalala, mafoni kuimbidwa kuti mwana wachira. Apa mpomwe ambiri amagwera. Phazi limeneli limafuna kubwerera komwe linachokera, ndiye pamabwera nsapato ziwiri zolumikizidwa ndi kachitsulo pakati, zoloza kunja, zoti azivala maola 23 pa tsiku kwa miyezi itatu, kenako usiku uliwonse ndi pogona masana mpaka atakwanitsa zaka 4 kapena 5. Zaka, osati miyezi. Mausiku oyamba mwana salola, akufuna kuponda mwendo umodzi winawo ukutsatira, amalira mpaka mawu kusasa, ndipo apa mpamene apongozi anga, omwe anandithandiza kwambiri pa nthawi ya zikhakha, anandiimirira pakhomo la kuchipinda nati, "Amake mwana, mapaziwa awongoka kale, mukumuzunziranji mwanayu? Tamuvulani agone." Ankanena mwachifundo ndithu ndipo kuwakanira munthu wamkulu pakati pa usiku mwana akulira si chinthu chapafupi. Bambo ake ndi omwe anadzuka nkuwayankha amayi awo kuti adokotala anati tikavula tiyambiranso zikhakha. Pakutha pa masiku angapo mwana anaphunzira kuponda miyendo yonse pamodzi, nkumamenyetsa kachitsuloko pa bedi ngati masewera. Mapazi ambiri omwe amabwerera mwakale sikuti chithandizo chinalakwika, ndi nsapato zomwe zinavulidwa chifukwa cha chisoni.

Pa benchi yodikirira ija ndi pomwe ndinaona kusiyana kwa kubwera msanga ndi kuchedwa. Kunkabwera kamnyamata kena ka msinkhu wa sukulu, kakuyendera mmbali mwa mapazi, khungu la pamenepo litakhakhala nkuuma gwa, nsapato palibe yomwe ingalowe. Amayi ake anati anthu anawauza kuti akayamba kuyenda mapazi adzawongoka okha. Ana otere amathandizidwabe, musamve molakwika, koma zikhakha zimachuluka ndipo nthawi zambiri pamafunikanso opaleshoni. Vuto lomwelo, wanga anali atathana nazo zikhakha asanayambe nkukhala komwe.

Ndinadziwananso ndi mayi wina wa mwana wa mlomo wong'ambika, tinkakumana pakhonde. Amenewa amabadwa mmodzi pa 700 alionse, ndipo anthu amangoona nkhope, koma nkhondo yeniyeni ya miyezi yoyamba ndi kudya. Kumwamba kwa mkamwa kukakhala kotseguka mwana sangakoke bere bwino, mkaka umatulukira mmphuno, amatopa asanakhute, ndiye mayiyo ankafinya mkaka nkumamupatsa pang'onopang'ono atamukhazika chilili, usiku ndi usana, chifukwa opaleshoni siichitika mwana akakhala wonyentchera. Mlomo amasoka ali ndi miyezi 3 mpaka 6, mkamwa asanakwanitse chaka ndi theka kuti adzayambe kulankhula mpata utatsekedwa. Iye ankanena moseka kuti amawerengera ma gramu a mwana wake kuposa ndalama.

Komabe ife a mapazi ndi milomo tili ndi mwayi umodzi, vuto lathu limaoneka. Oopsa ndi omwe saoneka, mwana wonenepa bwino, aliyense akumuyamikira. Vuto lofala kuposa onse ndi la mtima, pafupifupi mwana mmodzi pa 100. Ena ndi kabowo kakang'ono kotsekeka kokha, ena ndi oti masiku oyamba akuoneka bwinobwino kenako nkusintha mwadzidzidzi. Mwana amene akuyamwa pang'ono nkusiya ali wefuwefu, thukuta pamphumi, kupuma mothamanga, milomo ndi lilime kuchita buluu, sikelo osakwera, ameneyo si waulesi poyamwa ayi. Kuli kakachipangizo kounika mpweya mmagazi komwe amamangirira kudzanja ndi kuphazi mwana atatha tsiku limodzi, kosabaya, ka mphindi zochepa, ndipo kamagwira ambiri mwa mavuto aakuluwo asanafike poipa. Opaleshoni ya ana abuluu amenewa inayambika mu 1944 ku chipatala cha Johns Hopkins ku America, maganizo anali a Helen Taussig, wogwira mpeni Alfred Blalock, koma amene anaiyeserera mu labu nkuidziwa bwino anali Vivien Thomas, munthu wakuda wopanda digiri ya udokotala, yemwe pa tsikulo anaimirira kumbuyo kwa Blalock nkumamuuza posoka. Dzina lake linatenga zaka kuti litchulidwe, koma imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina.

China chomwe chimandiopsa kwambiri ndi cha chithokomiro, kachiwalo ka pakhosi, chosagwira ntchito, mwana mmodzi pa 2,000 mpaka 4,000. Mwana wake amakhala uja timamutama kuti ngosavuta, amangogona, salira, umachita kumudzutsa kuti ayamwe, chikasu chikuchedwa kutha, chimbudzi chikuvuta. Mayi akusangalala kuti wapeza mwana wofatsa pomwe ubongo ukutsalira, ndipo zikaonekera poyera zimakhala zitaononga kale zosabwezeka. Chonsecho mankhwala ake ndi kapiritsi ka thyroxine kamodzi patsiku, kakayambidwa mmasabata awiri oyamba mwana amakula ngati wina aliyense. Kuzindikira kwake ndi timadontho ta magazi a kuchidendene pa kapepala, njira yomwe Robert Guthrie anayambitsa kumayambiriro kwa zaka za mma 1960 poyeza matenda ena otchedwa PKU. Kumene kuyezaku kulipo, musakane chifukwa choti mwana alira akabayidwa. Kumene kulibe, maso a kholo ndiwo atsala, ndipo pali zinthu zoti munthu utha kuona wekha, ngati mwana sanachite chimbudzi chakuda chija masiku awiri oyamba, ngati pakati pa diso pakuoneka poyera, ngati sadzidzimuka chitseko chikamenyetsedwa, ngati mutu ukukula mothamanga liwombo litatukumuka. Tepi yomwe anamwino amazunguliza kumutu ija si yongokwaniritsa mwambo, imagwira madzi a mmutu asanapanikize ubongo.

Ndisanamize anthu kuti zonse zimathera pabwino ngati mapazi. Down syndrome siwongoledwa. John Langdon Down anaifotokoza mu 1866 koma chifukwa chake chinadziwika mu 1959 ku Paris, kuti mwanayo ali ndi ma chromosome (timaulusi ta mma selo tonyamula chibadwa cha munthu) 47 mmalo mwa 46, nambala 21 ilipo itatu mmalo mwa iwiri. Zimachitika pomwe dzira kapena umuna ukupangika, mimba isanakhale nkomwe, ndiye palibe chomwe mayi anadya, ananyamula kapena kuona chomwe chingalowepo. Mpata umakwera mayi akamakula, zoona, komabe ambiri mwa ana amenewa amabadwa kwa amayi osafika zaka 35 chifukwa ndi omwe amabereka kwambiri. Pafupifupi theka amakhalanso ndi vuto la mtima, nchifukwa chake kuunika mtima msanga nkofunika. Ku America mu 1983 munthu wa Down syndrome ankayembekezeka kukhala zaka 25, lero ndi pafupifupi 60, ma chromosome sanasinthe, chinasintha nchoti anayamba kuwachita opaleshoni ya mtima, kuwapatsa mankhwala akadwala ndi kuwalera pakhomo mmalo mowatsekera kwina. Ndipo pali ana ena oti olo chipatala chikhale chapamwamba bwanji sangakhale moyo, makolo awo amatuluka manja ali lende, nkukapezanso funso lomwe lija likuwadikira kunyumba. Enanso vuto lawo ndi lochizika koma anabadwira kutali ndi dokotala wodziwa, poti ana 9 mwa 10 obadwa ndi zilema zazikulu ali mmaiko osauka ndi apakatikati, pomwe akatswiri a mtima wa ana adzadzana kwina.

Mawu ena omwe sindimawakonda, olo amanenedwa mwaubwino, ndi aja oti ana otere amapatsidwa kwa anthu olimba mtima. Ine sindinali wolimba, ndinkalira kubafa madzi akutuluka kuti anthu asamve. Amene anandithandiza sanabwere ndi mawu okoma, anabwera nkunditengera wamkuluyo tsiku la kiliniki, wina anandigwirira mwana kuti ndigone ola limodzi, wina anangomunyamula ndi zikhakha zakezo nkumamuseweretsa osachita nkhope ya maliro. Ngati mnzanu wabereka mwana wa vuto, muyamikireni kaye kuti wabereka, funsani dzina la mwana, kenako funsani kuti kiliniki ndi liti.

Mng'ono wanga akukonzekera banja, ndiye ndamuuza kale kuti folic acid ayambe panopa, akayezetse magazi onse awiri ndi mwamunayo, chindoko, sickle cell, shuga, aonenso ngati analandira katemera wa rubella, ndipo mimba ikadzafika masabata 18 mpaka 22 adzapite ku sikani yoona ziwalo, ngakhale sikaniyo siiona zonse, yanga sinaone kanthu. Anandifunsa ngati zimenezi zikanateteza mapazi a mwana wanga, ndinamuuza kuti ayi, mwina sizikanasintha kalikonse, zimangotseka makomo omwe tikuwadziwa. Ifenso nkhani ya wachitatu timaikamba. Adokotala anatiuza kuti mpata woti zibwerezenso umakwera pang'ono mukaberekapo mmodzi koma ana ambiri otsatira amabadwa bwinobwino, ndipo zitabwereza njira tikuidziwa kale. Bambo ake akuti tidikire kaye nsapato zachitsulozi zithe, sangakwanitse kumanga zingwe za ana awiri usiku uliwonse.